Funsani za Malamulo: Kontirakiti ikati mkangano upite ku arbitration

Makalata a mwezi uno achokera kwa ochita malonda a ku Mulanje ndi Thyolo, ndipo pafupifupi onse akukhudza ndime imodzi imene imakhala kumapeto kwa kontirakiti, pafupi ndi posainira, pamene munthu amafika maso atatopa kale. Ndimeyo imati pakabuka mkangano nkhani ipite ku arbitration. Tanthauzo lake ndi lakuti mlandu udzagamulidwa ndi woweruza wapadera, munthu amene mbali ziwirizo zamusankha ndi kumulipira, m'malo mwa jaji wa boma. Mayina a olemba ndi a makampani tawabisa.

FUNSO: Ndili ndi malole awiri, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikunyamulira kampani ina tiyi kuchoka ku fakitale kupita ku Limbe. Sanandilipire maulendo 46, ndalama zokwana K18 miliyoni. Nditanena kuti ndikawasumira, adandiyankha kuti khoti silingamve nkhani yanga chifukwa cha ndime 21 ya kontirakiti yathu. Kodi pepala lingatseke chitseko cha khoti?
Mwini malole, Luchenza

YANKHO: Bambo, chitseko sichinakhomedwe ndi misomali, koma anzanuwo ali ndi poimira. Lamulo limene limayendetsa nkhani zotere pakati pa ochita malonda a m'dziko muno ndi Arbitration Act, Chaputala 6:03, la mchaka cha 1967, lomwe lidatengera kwambiri lamulo la ku England la 1950. Gawo 6 la lamuloli limalola munthu amene wasumiridwa kupempha khoti kuti liimitse mlandu ndi kuutumiza kwa woweruza wapadera, monga mudagwirizanirana. Makhoti kawirikawiri amavomera, chifukwa siginecha yanu ili pomwepo.

Koma pempholo lili ndi nthawi yake. Ayenera kulipereka asanalembe chikalata chodzitetezera komanso asanachite china chilichonse choonetsa kuti alola mlandu uyende kukhoti. Akayamba kuyankha mfundo za mlandu, mwayi woimitsa wawapita. Ayeneranso kuonetsa kuti kuyambira tsiku limene mudasuma anali okonzeka kupita kwa woweruza wapadera, ndipo akadali okonzeka. Kampani imene yakhala miyezi ikunyalanyaza makalata anu opempha kuti musankhe woweruza imavutika kutsimikizira jaji za zimenezi.

Palinso china chimene loya wanu ayang'ane asanachite kalikonse. Woweruza wapadera amagamula mkangano. Ngati kampaniyo idalemba kalata kapena imelo yovomera kuti ngongoleyo ndi yoona ndipo vuto ndi kusowa ndalama basi, mungathe kuuza khoti kuti palibe mkangano woti utumizidwe kwina, pali ngongole yosakanidwa. Fufuzani bwino m'mafayilo anu ndi m'foni. Koma akangonena kuti matumba ena adanyowa panjira kapena kuti maulendo anali 40 osati 46, umenewo ndi mkangano, ndipo ndime 21 yagwira ntchito.

Zikatero yambani nokha, osadikira iwo. Werengani ndimeyo mawu ndi mawu. Zambiri zimati muyambe mwakhalirana pansi kwa masiku 14 kapena 30. Chitani zimenezo ndipo pakhale pepala losonyeza tsiku limene mudawaitana, chifukwa mukadumpha sitepe imeneyi adzaigwiritsa ntchito kuchedwetsa mlandu. Kenako lembani kalata yoyambitsa arbitration. M'kalatamo mukhale tsiku la kontirakiti, nambala ya ndime, chimene mukukangana, ndalama zimene mukufuna pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndi mayina atatu a anthu amene mungalole kuti mmodzi wa iwo aweruze. Ipititseni pamanja ku adiresi yolembedwa mu kontirakiti, wolandira asaine ndi kudinda pa kope lanu. Uthenga wa pa WhatsApp ungakanidwe ngati kontirakiti idatchula njira ina yoperekera makalata.

Ndime ikapanda kunena chiwerengero cha oweruza, lamulo la 1967 limatenga kuti ndi mmodzi. Anzanuwo akakhala chete masiku 7 athunthu atalandira kalata yowapempha kuti mugwirizane pa dzina, mumapita ku High Court kukapempha kuti khoti lisankhe. Nkhani zamalonda zimamvedwa ku nthambi yake ya Commercial Division, imene ili ndi ofesi ku Blantyre.

Musazengereze. Kwathu timati mlandu suwola, koma pa lamulo lolembedwa ngongole ya kontirakiti imawola. Lamulo loika malire a nthawi yosumira, Limitation Act, limapereka zaka 6 kuchokera tsiku limene ndalamazo zidayenera kulipidwa, ndipo makontirakiti ena, makamaka a zonyamula katundu ndi a inshuwalansi, amafupikitsa nthawiyo mpaka miyezi yochepa. Malonjezo a pafoni akuti "tikupatsani mwezi ukatha" saimitsa kalendala. Chimene chimathandiza ndi kuvomera kolembedwa ndi kusainidwa, kapena kulipira gawo la ngongoleyo.

Za mtengo wake tinene poyera, chifukwa ambiri amadabwa nazo mochedwa. Jaji amalipidwa ndi boma, koma woweruza wapadera mumamulipira ndinu, kawirikawiri pa ola kapena pa tsiku, ndipo amafuna ndalama ya chikole asanayambe. Chipinda chokumaniramo ndi wolemba zokambidwa zilinso pa inu. Akamaliza angathe kusunga chigamulo mpaka malipiro ake atakwana, choncho anzanuwo akakana kupereka theka lawo mungakakamizike kulipira zonse, n'kudzazifuna pambuyo. Pa K18 miliyoni limbikirani woweruza mmodzi, ndipo pemphani kuti agamule poona mapepala okha: makalata onyamulira katundu osainidwa ku Limbe, mainvoisi, ndi sitetimenti ya ku banki. Mlandu wa maulendo 46 sufunika mboni khumi.

FUNSO: Tidasemphana ndi wogula nthochi zathu pa mtengo. Tidapita kwa amfumu, iwo adagamula kuti awonjezere K600,000, iye adavomera pamaso pa anthu, koma mpaka lero zii. Kodi imeneyi si arbitration yomweyo?
Mayi wa gulu la alimi, Thekerani

YANKHO: Ayi mayi. Amfumu adagwira ntchito yaulemu, koma lamulo la 1967 limazindikira mgwirizano wolembedwa wonena kuti mkangano ugamulidwe ndi woweruza wapadera, ndipo inu munalibe. Zimene zidachitika kubwaloko zikufanana kwambiri ndi ntchito ya mkhalapakati, amene amathandiza anthu kugwirizana koma sangakakamize. Ngakhale ku High Court, malamulo oyendetsera milandu a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa pa mkhalapakati.

Kuvomera kwa wogulayo si kwachabe. Ndi lonjezo latsopano, ndipo mungamusumire nalo kukhoti la majisitireti, anthu amene adalipo n'kukhala mboni. Koma yambani mwabwerera kwa amfumu, zimene adagwirizanazo zilembedwe ndi ndalama yake ndi tsiku lolipira, iye asaine, amfumu adinde.

FUNSO: Ndife kalabu ya alimi a tiyi 120. Fakitale imene timagulitsako yakhala ikudula makilogalamu athu ponena kuti masamba ndi okhwima komanso onyowa. Titadandaula adathetsa kontirakiti. Tsopano akuti popeza kontirakiti idatha, ndime ya arbitration idathera pomwepo. Nanga tilowere kuti?
Mlembi wa kalabu, Mulanje

YANKHO: Achimwene, apa akukunamizani. Ndime ya arbitration imatengedwa ngati mgwirizano woima pawokha mkati mwa kontirakiti, ndipo cholinga chake chenicheni ndi kugwira ntchito zinthu zikaipa. Ikadamafa limodzi ndi kontirakiti, bwenzi aliyense wofuna kuthawa mlandu akungolemba kalata yothetsa. Mfundo imeneyi idakhazikika mu 1942 pa mlandu wa Heyman v Darwins ku House of Lords, lomwe panthawiyo linali khoti lalikulu koposa ku England, ndipo malamulo a makontirakiti a kuno adachokera kumeneko. Funso lakuti adathetsa moyenera kapena ayi ndi limodzi mwa zimene woweruzayo adzagamule.

Choyamba onani amene adasaina. Ngati kontirakiti ili m'dzina la kopaletivi kapena bungwe lolembetsedwa, ndi bungwelo limene lingayambitse mlandu, komiti italemba chilolezo m'maminitsi. Ngati mlimi aliyense adasaina yake, muli ndi makontirakiti 120, ndipo woweruza sangawaphatikize kukhala mlandu umodzi popanda fakitaleyo kuvomera. Pemphani chilolezo chimenecho molemba poyambirira penipeni.

Pamene milandu yotere imagwera ndi pa umboni. Tiyi sadikira loya. Masamba othyoledwa m'mawa akapanikizana m'matumba amatentha ndi kufiira tsiku lomwelo, ndipo pofika mawa alowa kale m'makina. Woweruza amene adzakhale pansi miyezi isanu ndi umodzi kutsogoloku sadzaona tsamba ngakhale limodzi. Adzaona mapepala. Choncho sonkhanitsani timapepala ta sikelo ya pa shedi, tosonyeza tsiku, makilogalamu ndi siginecha ya kalaliki, muziyerekeze ndi za sikelo ya ku fakitale tsiku ndi tsiku. Lembani nthawi imene masamba adapimidwa ndi nthawi imene thirakitala kapena lole idafika kudzanyamula. Ngati masamba adapimidwa 10 koloko m'mawa galimoto n'kufika 4 koloko madzulo, kuwonongeka kwa maola amenewo kungakhale mlandu wa wonyamula, malinga ndi chimene kontirakiti ikunena za nthawi imene katundu amakhala wa wogula. Onaninso ngati kontirakiti idatchula muyezo: kodi imati masamba awiri ndi nsonga, kapena imalola atatu? Kodi idanena maperesenti odula masiku a mvula? Ngati idatchula 5 pa 100 iwo n'kumadula 12, mlandu wanu ndi wa masamu chabe. Ngati sidatchule kalikonse, woweruza adzafunsa zimene zimachitika nthawi zonse pa malonda a tiyi, ndipo apa mudzafuna mboni yodziwa ntchitoyi.

N'chifukwa chake posankha woweruza musangothamangira loya wotchuka. Lamulo silinena kuti woweruza wapadera akhale loya. Munthu amene adagwirapo ntchito yoyang'anira minda kapena fakitale ya tiyi, wopanda ubale ndi mbali iliyonse, angamve msanga nkhani ya masamba okhwima. M'maboma athu awiriwa anthu a tiyi amadziwana pafupifupi onse, choncho mufunseni alembe poyera ngati adagwirapo ntchito ku fakitaleyo kapena kuchita nayo malonda.

Pa kontirakiti yotsatira, limbanirani ndime yakuti mkangano wa giredi uthetsedwe tsiku lomwelo, pa shedi, ndi munthu wachitatu wotchulidwa kale, pogwiritsa ntchito chitsanzo cha masamba chotengedwa mbali zonse zikuona. Arbitration isiyireni nkhani zikuluzikulu monga mitengo ndi kuthetsa mgwirizano.

FUNSO: Ndidamanga nyumba yosungiramo katundu ya munthu wina wabizinesi. Tidasemphana pa ntchito zowonjezera ndipo woweruza wandigamula kuti ndaluza. Ndamva kuti ankakumana ndi mnzangayo paokha ine kulibe. Ndingachite apilo?
Kontirakita, Bvumbwe

YANKHO: Apilo monga mumaidziwira kukhoti palibe, bambo. Chigamulo cha woweruza wapadera ndi chomaliza ndipo chimamanga mbali zonse. Jaji sadzabwereza mlandu chifukwa chakuti woweruzayo adakhulupirira mboni ya mnzanu kusiya yanu. Chimene High Court ingachite pansi pa lamulo la 1967 ndi kuchibweza kwa woweruza yemweyo kuti akonze mbali ina, kapena kuchifafaniza ngati woweruzayo sadayendetse bwino mlandu kapena ngati chigamulocho chidapezeka mwachinyengo.

Kusayendetsa bwino sikutanthauza ziphuphu zokha. Kumva mbali imodzi inayo kulibe, kulandira mapepala amene inu simudapatsidwe mwayi wowayankha, kugamula nkhani imene simudamupatse, kapena kusiya osagamula imene mudamupatsa, zonsezi zimalowa m'menemo. Zimene mwamvazo, ngati n'zoona, ndi nkhani yaikulu. Koma "ndamva" sikwanira. Pafunika munthu wolumbira kuti adawaona, liti, kuti, ndipo ngati n'kotheka kuti ankakamba za mlanduwu. Kupatsana moni pa maliro si mlandu.

Jaji adzakufunsaninso kuti mudadziwa liti. Ngati mudadziwa mlandu uli mkati inu n'kukhala chete kuyembekeza kuti mwina muwina, adzati mudalola. Nthawi yopempha kufafaniza ndi yaifupi kwambiri, yowerengedwa m'masabata, choncho pitani kwa loya sabata yomwe ino mutanyamula chigamulocho ndi makalata onse.

Chinanso, onetsetsani chifukwa chenicheni chimene mudaluzira. Makontirakita ambiri amagwa pa ntchito zowonjezera chifukwa adauzidwa pakamwa pa saiti, "kwezani khomali mizere itatu", osalembetsa. Makontirakiti a zomangamanga otsatira mafomu a FIDIC (bungwe la mainjiniya la padziko lonse) amafuna chidziwitso cholembedwa pasanathe masiku 28 kuchokera pamene mwadziwa za chinthu chofuna ndalama kapena nthawi yowonjezera. Ngati mudagwera pamenepo, woweruza wina aliyense angagamule chimodzimodzi, ndipo kufafaniza kungangokubwezerani poyambira ndi bilu yachiwiri.

FUNSO: Ndidagulitsa matani 60 a nandolo kwa wamalonda wa ku Mozambique, katundu adawolokera pa Muloza. Adalipira theka. Tidapita ku arbitration ku Blantyre ndipo ndidawina, koma salipira. Kuno alibe kanthu, katundu wake yense ali kwawo. Pepalali ndingolipachika pakhoma?
Wogula mbewu, Limbuli

YANKHO: Musalipachike. Woweruza wapadera alibe masherifu, koma khoti limabwereketsa mphamvu zake. Wangongole akakhala ndi katundu m'Malawi muno, mumapempha High Court chilolezo choti chigamulocho chigwire ntchito ngati chigamulo cha khoti, kenako masherifu angalande katundu, kapena khoti lingalamule banki yake kapena munthu amene ali naye ngongole kuti alipire inu. Fufuzani kaye ngati alibe malole amene amalowa kuno, akaunti, kapena ogula ake a ku Limbe amene sanamulipire. Njira imeneyi ndi yotchipa kuposa kuwoloka malire.

Zikakanika, pali pangano la New York la 1958, limene mayiko oposa 160 adalonjezana kulemekeza zigamulo za arbitration zochokera kwa anzawo. Malawi adalowa mu Marichi 2021 ndipo lidayamba kugwira ntchito kuno mu Juni chaka chomwecho. Mozambique adalowa kale mu 1998. Mudzafuna loya wa kumeneko, ndipo mudzapereka kukhoti lawo chigamulo chenichenicho kapena kope lotsimikizidwa, mgwirizano wa arbitration wosainidwa, ndi zonsezo zitamasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka.

Khoti la kumeneko silibwerezanso mlandu wa nandolo. Zifukwa zokanira ndi zochepa, ndipo chimene angathamangire mnzanuyo ndi kunena kuti sadauzidwe bwino za kusankhidwa kwa woweruza kapena za tsiku la mlandu. Ngati sadabwere ku Blantyre, sungani ngati ndalama umboni uliwonse woti makalata ankamufika: malisiti a kampani yotumiza makalata, maimelo, siginecha ya amene adalandira. Onaninso dzina. Ngati chigamulo chili m'dzina la munthu pamene katundu ali m'dzina la kampani yake, kapena mosemphanitsa, simudzalanda kanthu.

FUNSO: Kampani yathu yaing'ono yapeza wogula makademiya wa ku Ulaya. Kontirakiti yake ikuti mkangano ukaweruzidwe ku London, ndi oweruza atatu, pa malamulo a England. Tisaine?
Woyang'anira malonda, Thyolo

YANKHO: Musanasaine werengetsani, mayi. Kontena imodzi ikakanidwa, kodi ndalama zake zingalipire oweruza atatu, maloya a ku London, ndege ndi malo ogona, zonse m'ndalama zakunja zimene muyenera kukazipempha ku banki? Ngati sizingakwane, ndime imeneyo ikutanthauza kuti wogulayo akakulakwirani simudzamusumira n'komwe. Iye akudziwa zimenezo.

Mu ndimeyo muli zinthu zingapo zimene anthu amaziphatikiza, koma n'zosiyana, ndipo chilichonse mungachikambirane pachokha. Lamulo lotanthauzira kontirakiti ndi china. Likakhala la England si vuto lalikulu kwa inu, chifukwa lathu la kugula ndi kugulitsa katundu lidachokera komweko. Malo a arbitration pa lamulo ndi chinanso, ndipo ndi cholemera kwambiri: dziko limene mwatchula ndi limene makhoti ake adzayang'anire mlandu ndi kumva pempho lofafaniza chigamulo. Mukalemba London, pempho lotero lidzapita ku makhoti a England. Malo okumanirana angakhale ena, ngakhale pa intaneti, ndipo ndi bwino kulemba zimenezo.

Kale ogula akunja ankakana Malawi ponena kuti lamulo lathu ndi lakale ndipo chigamulo cha kuno sichingayende kunja. Chifukwa chimenecho chafooka. Kuwonjezera pa pangano la New York, kuyambira 2024 dziko lino lili ndi International Arbitration Act, yotsatira lamulo lachitsanzo la UNCITRAL (nthambi ya United Nations yoona za malamulo a malonda) limene mayiko ambiri amagwiritsa ntchito pa mikangano yodutsa malire. Pansi pa lamulo lachitsanzolo, khoti lililowerera pang'ono, pempho lofafaniza liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi 3 chilandirireni chigamulo, ndipo mukapanda kutchula chiwerengero cha oweruza amakhala atatu. Mfundo yotsirizayi ndi yosiyana ndi lamulo la 1967, choncho musaisiye osalemba. Palinso Malawi International Arbitration Centre, imene imayendetsa milandu ya arbitration ndipo idakhazikitsidwa ndi bungwe la maloya la Malawi Law Society pamodzi ndi bungwe la amalonda la MCCCI. Yambani ndi kupempha kuti malo a arbitration akhale Blantyre. Akakana, tchulani malo apakati monga Johannesburg kapena Mauritius, amene ndi apafupi ndipo ali m'pangano la New York.

Kenako lembani kuti woweruza akhale mmodzi pa mkangano wosapitirira ndalama imene mugwirizane, ndipo agamule poona mapepala. Tchulani dzina lenileni la bungwe losankha woweruza mukalephera kugwirizana, molondola chilembo ndi chilembo, chifukwa ndime zotchula bungwe limene kulibe zimayambitsa mlandu wina mlandu weniweni usanayambe. Tchulani chilankhulo. Musalole ndime imene ikuti arbitration pa tsamba lina, tsamba lotsatira n'kumati makhoti a dziko lakuti ndiwo okha ali ndi mphamvu. Ndipo ngati kontirakiti ikunena kuti ikutsatira malamulo a bungwe lina la malonda a mtedza kapena zipatso zouma, itanitsani malamulowo muwawerenge, popeza nthawi zodandaulira za ubwino wa katundu zimakhala m'menemo ndipo zimakhala za masiku ochepa.

Pa makademiya mkangano umabwera pa chinyontho, nkhungu ndi kuchuluka kwa mtedza wosweka. Lembani kuti chitsanzo chitengedwe pokweza kontena ndi kampani yoyeza katundu yoima payokha, chigawidwe patatu ndi kumatidwa, chimodzi chanu, china cha wogula, chachitatu chosungidwa kwa woyezayo, ndi kuti satifiketi ya tsiku lokwezalo ndiyo yomaliza pa nkhani ya ubwino. Popanda zimenezi mudzaimbidwa mlandu wa chinyontho chimene mtedza udatenga utakhala masabata padoko la Beira kapena Nacala. Wogula akakana zonsezi, pemphani kuti gawo lalikulu la ndalama lilipidwe kudzera ku banki mukangopereka mapepala a sitima, katundu asanafike kwawo.